Akuti pop art inali ya anthu wamba, nanga madola 195 miliyoniwa abwera bwanji?

Inki_Mmanja
Anzanga a pa gulu pano ndithandizeni maganizo mwina ine ndi amene mutu sukugwira. Ntchito yanga ndi yodinda matisheti ku Ndirande, ma logo a masukulu, a makwaya, a zinkhoswe, ikafika nthawi ya kampeni timadinda nkhope za anthu mpaka mkono kuchita dzanzi. Mwana wa achemwali anga amene ali ku koleji wandionetsa chithunzi cha Marilyn Monroe, mkazi wotchuka wa m'mafilimu a ku America, chopangidwa ndi wojambula wina dzina lake Andy Warhol, nkhope yapinki tsitsi lachikasu kumbuyo kwa buluu, akuti chinagulidwa madola 195 miliyoni ku New York mu 2022. Ndamufunsa anachijambula bwanji, akuti screen print. SCREEN PRINT abale. Sikirini, inki ndi skwiji, zomwezi zandida m'zikhadabomu. Ndiye akupitiriza kundiuza kuti cholinga cha kajambulidwe kameneka, komwe amati pop art, chinali choti luso lifike kwa anthu wamba lisamangokhala la mabwana. Apa nde pandisokoneza. Munthu wamba wake uti wa 195 miliyoni? Komanso chikusiyana nchani ndi zomwe ndimadinda ine zomwe kasitomala amanenerera mpaka ndigwetse mtengo?

Kabaza265
Kusiyana kwake nkoti iweyo uli ku Ndirande aise kkkkk

Madam_wa_Art
A Inki funso lanu si lachibwana ayi, ophunzira anga amandifunsanso lomweli. Tiyambe ndi munthuyo. Warhol anabadwira ku Pittsburgh mu 1928, makolo ake anali osauka ochokera kumudzi wina umene pano uli m'dziko la Slovakia. Atapita ku New York ankadyera kujambula zotsatsa malonda, makamaka nsapato za azimayi m'manyuzipepala, zaka za m'ma 1950 zonse zija. Ndiye munthuyu anachokera ku ntchito ngati yanu yomweyo, ya oda ya kasitomala. Nthawi imeneyo ojambula omveka ku America anali aja omwaza penti pa chinsalu chachikulu monga Jackson Pollock, zoti munthu wamba ukayang'ana suona kanthu mpaka wophunzira wina akufotokozere. Warhol ndi anzake anati ife tizijambula zomwe aliyense akuzidziwa kale, chitini cha supu, botolo la Coca-Cola, dola ya pepala, nkhope ya mkazi wa m'mafilimu. Mu July 1962 anaonetsa zitini 32 za supu wa Campbell's ku Ferus Gallery ku Los Angeles, chimodzi madola 100, ndipo zimenezo anachita kupenta pamanja. Mwezi wotsatirawo Marilyn anamwalira, iye nkutenga chithunzi chotsatsira filimu ina ya mu 1953, kuchitumiza kwa okonza masikirini, nkuyamba kudinda nkhope ija kambirimbiri. Ndiye pamene amati kufikira anthu, poyamba penipeni ankanena za ZOMWE zajambulidwazo, kuti mayi wogulitsa mu golosale akaona azindikira pompo popanda womasulira. Za mtengo ndi nkhani ina.

Inki_Mmanja
Zikomo madam. Ndiye mukutanthauza kuti linafika m'maso mwa anthu koma m'nyumba zawo ayi

Madam_wa_Art
Mwina titero, komabe kufika m'maso musakupeputse.

Nyasa_ku_Leeds
Ine ndiikire kumbuyo madam pang'ono. Ndinapita ku Tate Modern ku London tsiku lina ndili off, kulowa ndi ulere, kuno ma museum akuluakulu a boma salipiritsa pa zinthu zomwe zimakhala momwemo nthawi zonse, umangolipira zikakhala zionetsero zapadera. Ndinachiona ndi maso angawa chomwe amati Marilyn Diptych. Nkhope 50, kumanzere 25 zamitundu yowala, kumanja 25 zakuda ndi zoyera basi. Ukayandikira nde umaona kuti nkhopezo sizofanana ngakhale sikirini ndi imodzi, mzere wina inki inachuluka mpaka nkhope kuda bii ngati yathiridwa phula, kenako ukamapita chakumapeto zikumka nizifufuta mpaka yomaliza kungotsala ka mthunzi kokha. Munali ana a sukulu, agogo, ife ogwira ntchito yosamalira okalamba, tonse kuima malo amodzi palibe wotifunsa kuti muli ndi zingati m'thumba. Kwa ine kufikira anthu nkumeneko. Sukuyenera kukhala nacho pakhoma pako kuti chikukhudze.

Inki_Mmanja
Akulu a ku Leeds zomwe mukufotokozazo ife timati ma reject kkkk. Kuda bii kuja ndiye kuti wathira inki yambiri kapena wakanikiza skwiji mopitirira, kufufuta kuja sikirini yayamba kutsekeka inki ikuuma m'timabowo. Ine nditapereka matisheti a kwaya otero amayi a cheya akhoza kundibwezera katoni yonse

Madam_wa_Art
Ndipo mwaona bwino, nzomwezo ndithu. Kungoti iye anazisiya dala. Kachitidwe kake ankayamba kupaka pamanja mitundu ya pansi, pinki ya nkhope, chikasu cha tsitsi, zofiira za milomo, kenako nkudzakoka inki yakuda ya chithunzi pamwamba. Ndiye nthawi zambiri milomo yofiira ija siikumana bwino ndi milomo ya chithunzi, imataya pang'ono. Inu mumalimbana kuti mitundu igwirane ndendende, iye amafuna zioneke kuti chadindidwa ndi chipangizo, ndipo ambiri amati kufufuta kwa mbali yakumanja kuja kukunena za imfa ya mayiyo.

Kabaza265
Mzungu akaphonyetsa ndi art, ife tikaphonyetsa ndi kubweza deposit

Loya_wa_pa_Bawo
Inu musanamizidwe apa. Nkhani ya anthu wamba ija inali yotsatsira malonda chabe. Tamverani. Mu 1967 Warhol anatulutsa ma print a Marilyn a pa pepala kudzera ku kampani yake yomwe ankaitcha Factory Additions, zithunzi 10 mu seti imodzi, maseti 250. Funso langa kwa a Inki amene ntchitoyi amaidziwa, kodi sikirini ikadinda 250 imafa?

Inki_Mmanja
Ayi bwana. Ukaisamala, emulsion yabwino (mankhwala omwe timapaka pa sikirini kuti design igwire), umadinda masauzande. Ikatha umangowotcha ina ndi film yomweyo, kapulasitiki koonekera komwe pali design

Loya_wa_pa_Bawo
Ehee. Ndiye analekeranji pa 250? Chifukwa akadinda 50,000 mtengo ugwa. Amadinda zochepa dala, kulemba nambala kumbuyo, kusaina, basi chinthu choti chikanakhala chambiri chasanduka chosowa. Nchimodzimodzi vendor wotsekera chimanga mu shedi kudikira February. Chipangizo chake ndi cha anthu wamba inde koma msika wake ndi wa mabwana omwe aja. Umboni wina nawu, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthu ena ku Ulaya anayamba kudinda ma Marilyn omwewo pansi pa dzina loti Sunday B. Morning, kumbuyo anadindako chidindo chouza wogula kuti asaine yekha dzina lake. Maonekedwe pafupifupi amodzimodzi, koma mtengo wake ndi kachigawo kochepetsetsa poyerekeza ndi osainidwa aja. Ndiye chomwe anthu amagula ndi siginecha, chithunzicho changoperekeza. Ndipo zitini 32 zija madam anena, mwini gallery Irving Blum anazisunga zonse pamodzi nkumupatsa Warhol madola 1,000 molipira pang'onopang'ono, mu 1996 zinapita ku Museum of Modern Art ku New York pa ndalama pafupifupi madola 15 miliyoni. Wadyapo ndani pamenepo, mayi wa mu golosale uja?

Nyasa_ku_Leeds
Koma a Loya zili ku museum anthu akuziona. Mukanakonda zikhale kuchipinda kwa munthu mmodzi?

Loya_wa_pa_Bawo
Ya ku New York yo amalipiritsa pakhomo, si ulere ngati kwanuko. Ndipo cha 195 miliyoni chija chinagulidwa pa okushoni ya Christie's, inu mukachionera kuti? Komanso tikiti ya ndege yochoka ku Chileka kukafika ku London kukaona zaulerezo ndi zingati

Nyasa_ku_Leeds
Apo nde mwandigwira kkkk koma mwana wa achemwali a Inki wachiona pa foni ali ku Malawi konko, ndipo chithunzi chamtundu umenewu sichitaya zambiri pa foni chifukwa mitundu yake ndi yosalala yopanda tizinthu tambiri, chinapangidwa kale kuti chizikopedwa.

Mayi_wa_Zitenje
Ine zanu za ku New York sindikuzidziwa koma momwe mukufotokozeramu, nkhope ya munthu wotchuka kuibwereza kambirimbiri pa nsalu ndi mitundu yowala, mesa ndi chitenje cha mbumba chimenecho? Amayi anga anavala nkhope ya Kamuzu kuyambira ndili kamwana, kutsogolo kumbuyo, ina nkumaikhalira kumene. Lero mipingo, mabungwe, zipani, aliyense ndi nsalu yake. Ngati luso lofika kwa anthu lilipo nde ndi limeneli, limafika mpaka kudambwe, amaberekera mwana, likatha amapanga nkhata.

Madam_wa_Art
Mayi mwanena zomwe ndimafuna ndinene koma ndimaopa kuti mundinena kuti ndikukokera kwathu. Warhol yemweyo mu 1972 anadinda nkhope ya Mao wa ku China, atatengera chithunzi chomwe chinali kale pa khoma lililonse m'dzikomo. Ndipo mu 1985 anatulutsa ma print a mafumukazi anayi amene ankalamulira nthawi imeneyo, Elizabeth wa ku Britain, Beatrix wa ku Netherlands, Margrethe wa ku Denmark ndi Ntfombi wa ku Swaziland, mayi ake a Mswati. Kusiyana komwe ndikuona ine nkoti chitenje cha chipani chimadindidwa kuti mumutamande munthuyo, pomwe cha Warhol sudziwa ngati akumutamanda kapena akumuseka, Mao uja anamupaka milomo ngati wadzola lipstick.

Wa_ku_Chipata
Ba Madam kuno kwathu nako ni chimodzimodzi, ma chitenge ya chipani yamabwera pa lorry nthawi ya ma election, anthu atenga ya onse, ya uyu na ya uyu, manje pa vote ni chinsinsi chake kkkk. Ambuya anga ali nayo ya Kaunda mpaka lelo mu trunk, sibalola munthu kuigwira

Kabaza265
Imeneyo isungeni idzagulidwa 195 miliyoni

Inki_Mmanja
Musandikumbutse za kampeni. Pali shadow wina sindimutchula, anandipatsa oda ya matisheti, theka analipira theka akuti tikawina. Sanawine. Foni yake mpaka lero imangoti nambala yomwe mwaimbayi siikupezeka, ine ndinatsala ndi nkhope yake pa sikirini ndimachita kuipala ndi mkwiyo

Dobadoba_Original
Vuto lako unadinda usanalandire zonse. Wandale ndi cash kutsogolo man, ngakhale akhale malume ako

Mayi_wa_Zitenje
Ngakhale ampingo abale, tisanamizane. Tidzakupatsani tikatolera ya pepala Sunday

Admin_Wamkulu
Abale tabwererani ku mutu. Za zipani ndi mipingo tikudziwa komwe zimathera pa gulu pano, ndichotsa ma post.

Mlongo_wa_ku_Mua
Pepani a Admin ndibwezeretse. Ine ndikuona kuti tonse takakamira pa Warhol ngati kuti pop art anali yekha, pomwe funso la a Inki yankho lake lili kwa anthu ena. Panali sisitere wachikatolika ku Los Angeles, Corita Kent, ankaphunzitsa za luso pa Immaculate Heart College. Zitini za supu zija anakaziona mu 1962 momwemo ndipo zinamutsegula mutu, anayamba kutenga mawu a zotsatsa malonda, zikwangwani za mumsewu, pepala lokutira buledi wa Wonder Bread, nkumasakaniza ndi mawu a m'Baibulo ndi a ndakatulo, zilembo zikuluzikulu zopindika mitundu yowala. Mu 1964 anadinda china chomwe anayerekeza Mayi Maria ndi tomato wokoma kuposa onse, potengera kalankhulidwe ka otsatsa zam'chitini, Kadinala McIntyre wa mumzindawo anakwiya kwambiri. Koma chomwe ndikufuna muone ndi ichi, iyeyu anasankha sikirini dala chifukwa amafuna zikhale zambiri komanso zotchipa, ankagulitsa pa mtengo woti mphunzitsi kapena mwana wa sukulu angakwanitse, m'ma holo a tchalitchi ndi m'malo osonkhanira anthu. Anachoka ku chisisitere mu 1968 nkupita ku Boston, kumeneko mu 1971 anajambula mizere ya utawaleza pa thanki yaikulu ya gasi m'mbali mwa msewu waukulu, aliyense wodutsa amaiona osalipira. Mu 1985 anajambula sitampa ya positi ya mawu oti Love, inagulidwa yopitirira 700 miliyoni. Ndiye a Loya chipangizo ndi chomwecho, nthawi ndi yomweyo, dziko ndi lomwelo, koma wina anatseka pa 250 wina anatsegula. Si sikirini imene imasankha, ndi mwini wake.

Loya_wa_pa_Bawo
Chabwino mlongo, koma pa gulu pano ndani anamumvapo Corita inu musanalembe? Wotchipa uja waiwalika, wodula uja ndi amene mwana wa ku koleji akumuphunzira. Mtengo ndi umene umamveketsa dzina.

Mlongo_wa_ku_Mua
Kuiwalika dzina ndi kusafika kwa anthu ndi zinthu ziwiri bambo. Anthu amene ananyambita sitampa ija ambiri sankadziwa dzina lake koma inalowa m'nyumba zawo. Komanso anali mkazi, sisitere, mukudziwa mmene olemba mbiri amachitira ndi anthu otere.

Mfana_wa_ku_Joni
Ndiwonjezere pa za mlongo. Keith Haring, mnzake wa Warhol koma wamng'ono, anayamba cha m'ma 1980 kujambula ndi choko m'masiteshoni a sitima zapansi ku New York, pa mapepala akuda omwe ankamata pamalo potsatsira malonda pakakhala palibe wolipira. Apolisi ankamugwira iye osaleka. Anadzasiya ataona kuti anthu ayamba kumatula nkumakagulitsa. Mu 1986 anatsegula shopu yake Pop Shop, kumagulitsa matisheti, mabaji, maposita a zojambula zake kuti mwana wa mumsewu naye akhale nacho, akatswiri a luso anamunyoza kuti wagulitsa ulemu wake koma iye sanasamale. Ndiye a Inki tisheti musaiderere, munthu wa dzina lake anaiona kuti ndi njira. Chinanso, mu 1985 anadinda posita ya Free South Africa, munthu wakuda wamkulu ali ndi chingwe m'khosi akuponda kamunthu koyera komwe kagwira chingwecho, anagawa ulere pafupifupi 20,000.

Koma zenizeni zomwe ndimafuna kunena zili kuno kumwera. Si pop art kwenikweni koma ndi sikirini yomweyo. Ku Gaborone, ku Botswana, kunali gulu lotchedwa Medu Art Ensemble, kuyambira 1979, ambiri anali othawa tsankho kuno ku South Africa. Ankadinda maposita pamanja nkumawalowetsa mozemba pa boda, akamatidwa m'ma township usiku m'mawa apolisi akung'amba. Sankafuna zoti wina adzitchukitse, ntchito inkatuluka m'dzina la gulu. Pa 14 June 1985 asilikali a boma la tsankho anawoloka boda nkupha anthu 12 ku Gaborone, mmodzi mwa iwo anali Thami Mnyele, wojambula wamkulu wa gululo, ndipo Medu inathera pomwepo. Kuno ku Joni kunalinso Screen Training Project yomwe inkaphunzitsa anthu a m'mabungwe kudinda okha maposita ndi matisheti. Anasankha sikirini chifukwa siifuna makina odula, thabwa, nsalu, inki, ukamva kuti apolisi akubwera umanyamula nkuthawa nayo. Boma silingatumize asilikali kukapha munthu chifukwa cha chithunzi chomwe sichikufika kwa anthu.

Inki_Mmanja
Eee izi nde sindimazidziwa. Thupi lachita tsemwe

Loya_wa_pa_Bawo
Pa Medu sinditsutsa, ulemu wawo. Kungoti maposita omwewo mu 2019 anali pa chionetsero ku Art Institute of Chicago, m'mafelemu, olowa ndi tikiti. Msika sulephera, umangodikira.

Madam_wa_Art
A Loya inu chilichonse mumachionera kumapeto kwake. Posita ija ntchito yake inaigwira mu 1982 pa khoma la ku Soweto, zoti patapita zaka pafupifupi 40 ili mu felemu sizikufufuta zimenezo. Ndipo pakanapanda osunga bwenzi mfana wa ku Joniyu akutiuza chani lero?

Dobadoba_Original
Ine funso langa ndi la bizinesi. Ndiye kuti nditha kutenga chithunzi cha woimba aliyense pa Facebook, kuchipaka pinki ndi yelo, kudinda pa tisheti nkumati pop art? Poti Warhol naye chithunzi cha Marilyn sanajambule yekha

Loya_wa_pa_Bawo
Yesani muone kkkk. Warhol yemweyo zinamuvuta ali moyo, Patricia Caulfield anamusumira mu 1966 chifukwa cha chithunzi chake cha maluwa chomwe anachitenga m'magazini osapempha, anakambirana kunja kwa khoti. Ndipo atamwalira kale mu 1987 nkhani ina inadzabuka. Lynn Goldsmith anajambula woimba Prince mu 1981, mu 1984 magazini ya Vanity Fair inamulipira madola 400 kuti Warhol agwiritse ntchito chithunzicho kamodzi kokha, koma iye anapanga zithunzi 16. Prince atamwalira mu 2016 kampani ya magaziniyo inalipira bungwe losunga chuma cha Warhol madola pafupifupi 10,000 kuti aike chimodzi pachikuto, mayi uja osalandira kanthu ngakhale kutchulidwa dzina. Nkhani inakafika ku khoti lalikulu la America, mu May 2023 oweruza 7 kwa 2 anagamula mokomera mayiyo. Kwathu kuno kuli COSOMA, musamaganize kuti ndi ya oimba okha, wojambula zithunzi nayenso lamulo limamuteteza.

Kabaza265
Nanga ma jersey a Bullets ndi Noma odzadza mu Limbe aja analipira ndani

Dobadoba_Original
Iwe usatiyambe, tili ndi ana

Chitsulo_cha_Njanji
Ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Ine ndimapenta, zithunzi za pa chinsalu, ndipo ndinene zowawa. Ife ojambula a kuno timapentera azungu. Mayi wasenza mtsuko, dzuwa likulowa pa nyanja, mlambe, njovu, chifukwa ndi zomwe mlendo amafuna apite nazo kwawo. Chithunzi chimodzi chimanditengera masabata, penti ndi wodula wochokera kunja, ndiye mtengo wake Mmalawi mnzanga wa pa malipiro a boma sangaufike, ndipo sindimuda. Alendo akachepa ngati nthawi ya Covid ija timagona ndi njala. Zomwe mwakambazi zandipatsa maganizo oti bwanji nditapanga design imodzi yabwino, ya zinthu zathu zomwe aliyense akuzidziwa, botolo la Sobo, paketi ya Chibuku, minibasi ndi kondakitala atapachikika pakhomo, mbaula, nkupita nayo kwa munthu ngati a Inki tidinde pa pepala lolimba mitundu itatu, tigulitse pa mtengo wa nkhuku imodzi. Olemera akafuna yosainidwa ya nambala alipire zambiri, enawo atenge yopanda nambala.

Loya_wa_pa_Bawo
Mwangobwereza za Warhol ndi Sunday B. Morning mu shopu imodzi kkkk. Komanso Amalawi sagula zithunzi, mudzadya mapepala anuwo.

Mayi_wa_Zitenje
Bodza limenelo a Loya. Lowani nyumba iliyonse muone pakhoma. Kalendala ya chaka chatha sachotsa chifukwa chithunzi chake nchokongola, posita ya Yesu, ya Arsenal, ya zipatso zija za ku China, mawu a pa thabwa oti Mulungu dalitsani nyumba ino, nsalu zoluka pa mipando. Anthu amagula ndithu, amagula kwa anyamata oyenda nazo pamanja mu depoti. Kungoti palibe amene anawabweretsera chathu chokongola pa mtengo umenewo. Inu mukufuna mayi wa ku Chilomoni akwere minibasi apite ku gallery komwe mlonda amuyang'ane kuyambira ku mapazi?

Nyasa_ku_Leeds
Ya minibasi ndi kondakitala ine ndigula zisanu, ife a kunja kuno timasowa zoika pakhoma zokumbutsa kwathu zomwe si njovu

Wa_ku_Chipata
Na ine ba Chitsulo, koma muikeko na njinga ya makala

Madam_wa_Art
A Chitsulo ganizo ndi labwino koma samalani pa ma logo a makampani, a Loya anena kale za makhoti. Campbell's sanamuvutitse Warhol chifukwa anaona kuti akuwatsatsira ulere, koma si kampani iliyonse ingaganize choncho. Minibasi ndi mbaula zilibe mwini, yambirani pamenepo. Komanso ngati simunadindepo dziwani kuti mtundu uliwonse ndi sikirini yakeyake, ndiye design ya mitundu isanu ndi umodzi ndi ntchito kasanu ndi kamodzi, phunzirani kuganiza ndi mitundu iwiri kapena itatu ndipo pepala lenilenilo likhale mtundu wina. Mukadinda yelo kenako buluu wopyapyala pamwamba mupeza girini waulere pomwe zakumana.

Chitsulo_cha_Njanji
Zikomo madam. A Inki nanga pa pepala mumatha? Ndipo zowotcha sikirini zija zimafuna magetsi? Kwathu kuno akazima m'mawa amabwera tikugona

Inki_Mmanja
Pa pepala ndinadindapo ma satifiketi ndi maposita a crusade, zimatheka koma inki yake si ya matisheti ija ya plastisol, imene ija siuma popanda kuiwotcha, pa pepala pamafunika ya madzi ndipo uzigwira changu chifukwa imauma pa sikirini ukangoima kucheza. Mesh, nsalu ya sikirini ija, nayo ikhale yothina kuposa ya matisheti apo ayi inki imadutsa yambiri pepala nkufutukuka. Za magetsi musadandaule ine ndimawotcha ndi dzuwa. Umapaka emulsion m'chipinda chamdima, iume, kenako design yako yakuda bii pa film, ukasowa film pepala wamba lopaka mafuta ophikira limalowa m'malo, kuika pa sikirini, galasi pamwamba kuti igone bwino, kansalu kakuda pansi, nkutulutsa panja. Dzuwa la masana la October ndi kanthawi kochepa kwambiri, ukachedwa yapsa yonse siitsukika, kukakhala mitambo umawonjezera. Kenako kuthira madzi, pomwe panali pakuda emulsion imachoka pomwe panalowa dzuwa yauma gwaa, design yako yatuluka. Chovuta ndi kugwirizanitsa mitundu, pamafunika mahinji pa tebulo ndi tizizindikiro ta tepi pomwe pepala lizigona, pepala lililonse malo amodzimodzi. Chinanso ndi poyanika, mapepala 100 onyowa safuna kusanjikizana, timangirira chingwe ndi mapegi a zovala nyumba yonse

Kabaza265
Mukaphonyetsa musataye, amenewo nde odula

Chitsulo_cha_Njanji
Kkkkk. Pepala lolimba lija mumalipeza kuti a Inki, la manila lingachite?

Inki_Mmanja
Manila amamwa inki ndipo amafufuta pa dzuwa, bola tikafunse kwa osindikiza mabuku amakhala ndi zotsala za makava amagulitsa pa kilo. Ndilembereni ku inbox munditumizire sketch ya minibasiyo ndione ngati mizere yake ingatuluke, ikakhala yopyapyala kwambiri muyikulitse kaye. Koma deposit kutsogolo akulu

Dobadoba_Original
Waphunzira mwana